Kupepesa ndi kutonthoza m'Chikoreya: mawu oyenera ukalakwa, pa matenda ndi pa maliro

M'Chichewa "pepani" amagwira ntchito ziwiri. Ukaponda munthu phazi mu minibasi umati pepani, ndipo ukafika pa siwa umatinso pepani, ngakhale imfayo sunaichititse ndiwe. M'Chikoreya ntchito ziwirizi zili ndi mawu osiyana kotheratu, ndipo ophunzira ambiri amapunthwa pomwepa. Munthu wa ku South Korea akakuuzani kuti mayi ake amwalira, inu n'kuyankha kuti *joesonghamnida*, iye amamva ngati mukuvomera mlandu. Ena amafunsa modabwa kuti *wae mianhaeyo?*, kutanthauza kuti mukupepesa chifukwa chiyani. Choncho musanatsegule pakamwa dzifunseni kaye: vutoli ndalichititsa ndine, kapena langomugwera mnzangayu? Amene amagwira ntchito ndi anthu a ku Korea, monga ku chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe, ndiponso amene akukonzekera kukaphunzira ku Seoul kapena ku Busan, tsiku lofuna mawu amenewa lidzawafikira ndithu.

Mukalakwa ndinu

Mawu opepesera ali ndi mizu iwiri: *joesong* (죄송) ndi *mian* (미안). *Joesong* ndi wolemera komanso wodzichepetsa, ndipo amapita kwa wamkulu msinkhu, bwana, mphunzitsi, kasitomala ndi munthu wosamudziwa. *Mian* ndi wa anzanu, a msinkhu wanu ndi ocheperapo. Ulemu umaonekanso kumathero kwa liwu. *Joesonghamnida* (죄송합니다) ndi wa pa ntchito ndi pa gulu. *Joesonghaeyo* (죄송해요) ndi waulemu koma wofewerako, woyenera wamkulu amene mumazolowerana naye. *Mianhaeyo* (미안해요) ndi wa mnzanu wa ku ntchito kapena wamng'ono amene simunazolowerane naye, ndipo *mianhae* (미안해) kapena *mian* yekha ndi wa bwenzi la pamtima, mwana kapena mng'ono wanu.

Pali msampha pa *mianhamnida*. Chifukwa limatha ndi *-mnida*, ambiri amaganiza kuti ndi loyenera kwa akuluakulu. Mathero ake ndi aulemu ndithu, koma muzu wake ndi wopepuka, moti kawirikawiri limatuluka m'kamwa mwa wamkulu polankhula kwa om'tsatira. Wophunzira akauza pulofesa wake *mianhamnida*, sanatukwane, koma waoneka ngati akudziyesa wofanana naye. Ngati mukukayika, nenani *joesonghamnida*. Palibe amene adzakukwiyireni chifukwa cha ulemu wochuluka.

Pa katchulidwe, zilembo za Chilatini zimanamiza. *Joe* amamveka ngati "chwe", *ng* wa kumapeto ndi *ng'* wa mu ng'ombe, wopanda g womveka, ndipo 합니다 amalembedwa ndi chilembo cha p koma amatchulidwa *hamnida*, chifukwa p akakumana ndi n amasanduka m. *Eo* ndi liwu limodzi, o wotsegula pakamwa osazunguliza milomo. *Eu* nayenso ndi limodzi, u wotchula milomo itatambasuka.

Kungonena *joesonghamnida* n'kokwanira pa zazing'ono. Pa zazikulupo muyenera kutchula chimene mwalakwa, ndipo chimamangidwa ndi *-aseo* kapena *-eoseo*. Mneni amene liwu lake lomaliza ndi a kapena o amatenga *-aseo*, ena onse amatenga *-eoseo*, ndipo mwa aneni othera ndi *hada*, *hada*-yo amasanduka *haeseo*. Mukachedwa: *neujeoseo joesonghamnida* (늦어서 죄송합니다). Mukadikiritsa munthu: *gidarige haeseo joesonghamnida*. Mukalephera kuimba foni kapena kuyankha uthenga kwa wamkulu: *yeollak mot deuryeoseo joesonghamnida*. Kwa mnzanu amene simunapite ku phwando lake: *mot gaseo mianhae*.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa pano ndi zitatu. Choyamba, anthu amaika chizindikiro cha nthawi yapita patsogolo pa *-eoseo*, n'kunena *neujeosseoseo* poganiza kuti kuchedwako kwachitika kale. Galamala yovomerezeka salola zimenezi, mneniyo amakhala wopanda nthawi. Chachiwiri, amagwiritsa ntchito *-nikka*, yemwenso amatanthauza "chifukwa". Popepesa ndi pothokoza *-nikka* salowa, chifukwa amamveka ngati munthu wodziteteza pa mkangano. Chachitatu ndi cha "ine". Kwa wamkulu ndi *jeo* ndi *je*, osati *na* ndi *nae*. Kunena *nae jalmot* (kulakwa kwanga) kwa bwana kumafafaniza ulemu wonse womwe munaika kumathero.

Kulakwa kukakhala kwa pa ntchito, monga kutumiza katundu wolakwika kapena kuphonya tsiku lopereka lipoti, ndondomeko yake ndi iyi: pepesani kaye, vomerani kuti ndi inu, lonjezani kuti sizidzachitikanso, ndipo zifukwa zibwere pambuyo, makamaka akakufunsani. *Joesonghamnida. Je jalmosimnida* (ndi kulakwa kwanga). *Dasineun ireon iri eopdorok hagetseumnida* (ndidzaonetsetsa kuti zotere zisachitikenso). M'kalata amalemba *jinsimeuro sagwadeurimnida*, ndikupepesa kuchokera pansi pa mtima. Mukayamba ndi nkhani ya basi yomwe inafa pa msewu, womverayo amaiwerenga ngati *pinggye*, chonamizira, ngakhale ili yoona. Thupi nalo limapepesa: manja asakhale m'thumba, maso atsike, ndipo muwerame kuchokera m'chiuno. M'maphunziro a osamalira makasitomala amaphunzitsa madigiri 15 pa moni wapafupi, 30 pa moni wamba ndi 45 popepesa. Kumwetulira chifukwa cha manyazi pa nthawi imeneyi kumaoneka ngati simukuiona nkhaniyo kukula.

Podutsa pakati pa anthu m'sitima simukupepesa kwenikweni. Nenani *jamsimanyo* kapena *jinagalgeyo*. Poitana wogulitsa ndi *jeogiyo*, ndipo polowa mu ofesi ya munthu kapena pomudula mawu ndi *sillyehamnida*. Wina akakupepesani, yankho ndi *gwaenchanayo* (괜찮아요), palibe kanthu, kapena *anieyo*, kapena *singyeong sseuji maseyo*, musadandaule nazo.

Liwu la andale

Madikishonale ambiri amapereka *yugamimnida* (유감입니다) ngati mawu osonyeza chisoni, ndipo ophunzira amalinyamula kupita nalo kwa anamfedwa. Musatero. *Yugam* ndi liwu la m'zikalata za boma ndi m'misonkhano ya atolankhani, ndipo limanena kuti zachitikazo sizinakondweretse wolankhulayo popanda kuvomera kuti walakwa. Mu Ogasiti 2015 mabomba okwirira anavulaza asilikali awiri a South Korea m'malire a mayiko awiriwa. Pa mgwirizano wa pa 25 Ogasiti, North Korea inanena kuti ili ndi *yugam* pa nkhaniyo. Boma la ku Seoul linati uku kunali kupepesa, koma patangopita masiku ochepa North Korea inakana poyera kuti sinapepese. Anthu a ku Korea amalidziwa bwino liwuli, moti wandale akalinena pamene amayembekezera *sagwa*, kupepesa kwenikweni, amakwiya. Kwa mnzanu wolira limamveka louma ngati kalata ya ku ofesi.

Kudandaula ndi zomwe zapita

Munthu akamanong'oneza bondo sagwiritsa ntchito kwambiri mneni *huhoehada*, ngakhale ndiye ali m'dikishonale. Amakonda mathero awiri. *-(eu)l geol geuraesseoyo* ndi "ndikanachita": *gal geol geuraesseoyo*, ndikanapita, ndipo *malhaji mal geol geuraesseoyo*, ndikanapanda kunena. Lachiwiri ndi *-eosseoya haenneunde*, "ndinayenera kutero koma...", lomwe limasiyidwa losamaliza dala: *iljjik yeollakaesseoya haenneunde*, ndinayenera kukudziwitsani msanga. Mukaliphatikiza ndi *joesonghamnida* limafewetsa kupepesa kwanu chifukwa likuonetsa kuti mukudziwa chomwe chinali choyenera.

Palinso *aswimneyo* ndi *antakkamneyo*, zomwe zimasokonezedwa. *Aswimneyo* (아쉽네요) ndi la chinthu chomwe chatsala pang'ono kukwanira: timu yagonja ndi chigoli chimodzi, mnzanu sabwera ku chakudya, tchuthi chatha msanga. *Antakkamneyo* (안타깝네요) ndi la kuona munthu ali m'mavuto inu mulibe chomuthandizira: ngozi, matenda aakulu, wachinyamata amene wamwalira. Kunena *aswimneyo* pa imfa n'kuichepetsa kwambiri.

Vuto likagwera mnzanu

Apa ndi pamene Chikoreya chimandisangalatsa. Chinenerochi sichilola kuti munene za mumtima mwa munthu wina ngati mwalowamo. Simungamuuze kuti "mwakhumudwa" ngati nkhani yotsimikizika. Mumaika kachidutswa *-gess-*, kosonyeza kuti mukungoyerekeza mmene zilili kwa iye. *Himdeusigesseoyo* (힘드시겠어요): ziyenera kuti zikukuvutani. *Soksanghasigesseoyo*: mtima uyenera kuti ukukupwetekani. *Geokjeongi maneusigesseoyo*: nkhawa ziyenera kuti zakuchulukirani. Ngati vutolo lapita kale, *himdeusyeotgesseoyo*. Kachidutswa *-si-* kamene kali pakati ndi kolemekeza mwini vutolo. Kwa bwenzi mumakachotsa: *himdeulgetda*, *soksanghagetda*. Aliyense wofuna kuphunzira mawu ochepa otonthozera ayambe ndi amenewa, chifukwa amakwanira pa kutha kwa ntchito, kulephera mayeso, kubedwa ndi kudwala kwa wachibale.

Nthawi zambiri chiganizo chisanabwere pamayamba kufuula. *Aigo* (아이고) ndi "mayo" kapena "kalanga ine", *jeoreon* ndi la kudzidzimuka ndi nkhani yoipa, ndipo *eotteokaeyo* (어떡해요), nanga titani, silifuna yankho. Mukafuna kunena za mumtima mwanu, *maeumi apeuneyo*, mtima wanga ukuwawa.

Chenjerani ndi *andwaenneyo* (안됐네요). Mabuku amaliphunzitsa msanga, koma kwa mwini vutolo lingamveke ngati mukuonera patali, ndipo ndi mawu ozizira limafika pokhala chipongwe. Limagwira bwino pokamba za munthu wachitatu amene palibe. *Bulssanghaeyo*, "ndinu omvetsa chisoni", musalinene pamaso pa munthu, chifukwa limamuika pansi. *Himnaeseyo* (힘내세요), limbani mtima, ndi labwino koma libwere kumapeto, mutamvetsera kaye. *Hwaiting*, lomwe mumalimva pa masewera ndi pa mayeso, lisayandikire pa matenda aakulu kapena pa maliro. Anthu a ku Korea amasonyezanso chikondi kudzera m'chakudya, choncho *siksa jal chaenggyeo deuseyo*, musaiwale kudya, ndi chitonthozo chenicheni.

Kwa wodwala: *ppalli naeuseyo*, muchire msanga, ndi *momjori jalhaseyo*, mudzisamalire. Pa khadi kapena pa envulopu amalemba *kwaeyureul bimnida*, ndikufunirani kuchira.

Pa maliro

Yambani ndi mneni wa imfa. *Jukda* ndi kufa, ndipo sanenedwa za kholo la munthu kapena wamkulu aliyense. Nenani *doragasyeosseoyo*, omwe kwenikweni akutanthauza kuti abwerera. M'zidziwitso mudzaona *byeolse*. Akhristu a mipingo ya Chipulotesitanti amati *socheon*, Akatolika amati *seonjong*, ndipo za amonke a Chibuda amati *ipjeok*. Liwu lomwe lili pa chidziwitso limakuuzani kale chipembedzo cha banjalo, ndipo zimenezi zikuthandizani posankha mawu ndi mmene mungachitire mukafika.

Maliro ambiri amatenga masiku atatu, *samiljang*, ndipo amachitikira ku *jangnyesikjang*, nyumba ya maliro yomwe kawirikawiri imakhala pa chipatala. Banja lililonse limapatsidwa chipinda chake, *binso*, momwe muli chithunzi cha malemu pakati pa maluwa oyera. Opepesa ambiri amabwera tsiku lachiwiri, chifukwa tsiku lachitatu m'mawa ndi la *barin*, kunyamuka kwa bokosi kupita kokaotcha mtembo kapena kumanda. Valani zakuda kapena zosawala, ndipo musaiwale masokosi, chifukwa nsapato zimavulidwa pakhomo ndipo mapazi osavala ndi chipongwe.

Pakhomo pali buku lolembamo dzina ndi bokosi la chipepeso, chomwe amachitcha *buuigeum* kapena *jouigeum*. Ndalama zimaikidwa mu envulopu yoyera yolembedwa 賻儀 kapena 謹弔 kutsogolo, ndipo maenvulopuwa amapezeka pomwepo. Dzina lanu mulembe kumbuyo, m'munsi chakumanzere, motsika pansi, pamodzi ndi dzina la kampani kapena sukulu yanu kuti banja lidziwe kuti ndinu ndani. Kwa munthu wongodziwana naye ambiri amapereka 50,000 won, ndipo kwa wapafupi 100,000 won kapena kuposerapo. Pansi pa 100,000 amasankha ndalama zoyamba ndi nambala yosagawika pawiri, monga 30,000, 50,000 ndi 70,000. 40,000 amaipewa chifukwa liwu la "zinayi", *sa*, limamveka ngati la imfa, ndipo 90,000 nayonso saikonda. Ngati wofedwayo ndi wogwira ntchito m'boma, mphunzitsi kapena mtolankhani amene muli naye pa ubale wa ntchito, kumbukirani lamulo loletsa ziphuphu lodziwika ndi dzina la Kim Young-ran, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016. Kuyambira mu Januwale 2018 chipepeso cha ndalama kwa anthu otere sichipitirira 50,000 won, ndipo nkhata ya maluwa sipitirira 100,000 won.

Mukalowa m'chipindamo mudzaona *sangju*, mwini maliro, ataima pambali. Amuna amavala kansalu ka mizere yakuda pa mkono, ndipo ka mizere iwiri ndi ka mwini maliroyo. Muwerameni pang'ono n'kupita kutsogolo kwa chithunzi. Tengani kamtengo kamodzi ka lubani ndi dzanja lamanja, lamanzere likuchirikiza, mukayatse pa kandulo. Lawi lake musalizimitse ndi mpweya wa m'kamwa, likupizeni ndi dzanja, kenako mukabaye m'mbale ya phulusa. Ngati banja laika maluwa oyera a *gukhwa* m'malo mwa lubani, tengani limodzi ndi manja awiri n'kuliika patsogolo pa chithunzi. Mukatero bwererani pang'ono ndi kugwada kawiri mpaka chipumi chifike pa manja ali pansi, n'kumaliza ndi kuwerama kamodzi mutaima. Kawiri ndi ka akufa, kamodzi ndi ka amoyo, choncho musasokoneze. Pa maliro amuna amaika dzanja lamanja pamwamba pa lamanzere, akazi lamanzere pamwamba, mosiyana ndi masiku achisangalalo. Mabanja ambiri a Chipulotesitanti sagwadira chithunzi. Amaika duwa n'kuweramitsa mutu m'pemphero la chamumtima, ndipo inunso ngati chikhulupiriro chanu sichilola kugwada mukhoza kutero popanda wokuimbani mlandu. Pomaliza tembenukirani kwa *sangju*, mugwadirane kapena muweramirane kamodzi.

Apa ndi pamene mawu amabwera, ngati abwera n'komwe. Malangizo a ulemu wa chinenero a National Institute of Korean Language, bungwe la boma loona za Chikoreya, amavomereza kuti kuchoka osanena kanthu n'koyenera, chifukwa palibe mawu okwanira. Mukafuna kulankhula, nenani chiganizo chimodzi motsitsa mawu. *Sangsimi keusigetseumnida* (상심이 크시겠습니다): chisoni chanu chiyenera kuti ndi chachikulu. *Mwora deuril malsseumi eopseumnida* (뭐라 드릴 말씀이 없습니다): ndilibe mawu oti ndinene. Ngakhale mawu anu athere m'kamwa chiganizo chisanathe, palibe cholakwika.

Chiganizo chodziwika kwambiri ndi *samga goinui myeongbogeul bimnida* (삼가 고인의 명복을 빕니다), ndikupempherera malemu madalitso ku dziko la akufa. *Goinui* amatchulidwa "go-i-ne". Chimalembedwa pa nkhata za maluwa, m'mauthenga a pa foni ndi pa intaneti pakachitika ngozi yaikulu. Koma *myeongbok* ndi liwu lochokera ku chikhulupiriro cha Chibuda cha moyo wa pambuyo pa imfa, ndipo Akhristu ena a Chipulotesitanti salilandira. Mukaona *socheon* pa chidziwitso, lembani *hananimui wiroga hamkkehasigil baramnida*, chitonthozo cha Mulungu chikhale nanu. Ngati chipembedzo cha banjalo sichikuoneka, *samga jouireul pyohamnida* (삼가 조의를 표합니다), ndikupereka chipepeso changa modzichepetsa, ndi mawu osakhumudwitsa aliyense. Pa intaneti pamayenda mphekesera yoti chiganizo cha *myeongbok* chisakhale ndi mipata pakati pa mawu kapena kadontho kumapeto. Bungwe la chinenero lija linafotokoza kuti chimalembedwa monga chiganizo china chilichonse.

Zosayenera kunena n'zofunika kuzidziwa mofanana. Musapereke moni wa *annyeonghaseyo* kwa mwini maliro, chifukwa mukumufunsa ngati ali pa mtendere. Musamugwire chanza, ndipo musafunse kuti malemu adwala chiyani kapena zinayenda bwanji. Kwathu wofedwa amafotokoza za matenda kwa obwera kudzapepesa, koma kumeneko mafunso otere amaonedwa ngati kutsegula bala. Ngakhale malemu anali ndi zaka 95, liwu lakuti *hosang*, imfa yabwino ya munthu wokalamba, lisatuluke pamaso pa ana ake.

Mukatuluka adzakulozerani chipinda chodyera. Khalani mudye ngakhale pang'ono, chifukwa kukhala kwanu kumadzaza malowo ndipo banja limaona kuti silili lokha. Kawirikawiri pamakhala mpunga ndi *yukgaejang*, msuzi wofiira wa nyama ya ng'ombe, komanso mowa wa *soju*. Kumwa n'kololedwa, koma kugundanitsa matambula kapena kunena *geonbae* n'koletsedwa.

Ngati simungathe kupita, tumizani uthenga waufupi wopanda zithunzi za nkhope zoseka kapena zolira: *jikjeop chajaboepji motae joesonghamnida. Samga jouireul pyohamnida.* Pano *joesonghamnida* ali m'malo mwake, chifukwa mukupepesa kulephera kwanu kufika. Kuimba foni m'masiku atatu amenewa sikuthandiza, popeza mwini maliro amakhala ataima kulandira anthu. Zidziwitso zambiri za pa KakaoTalk, pulogalamu ya mauthenga a pa foni ya ku Korea, zimakhala ndi nambala ya akaunti ya ku banki yotumizirako chipepeso, koma tsimikizirani kaye kwa munthu wodziwa banjalo, chifukwa akuba amatumizanso zidziwitso zabodza za maliro.

Wofedwayo akabwerera ku ntchito adzakuuzani *wa jusyeoseo gamsahamnida*, zikomo chifukwa chobwera. Musayambirenso nkhani ya imfayo. Yankhani kuti *keunil chireusineura gosaeng maneusyeotseumnida* (큰일 치르시느라 고생 많으셨습니다), mwavutika kwambiri poyendetsa nkhani yaikuluyi, ndipo kwa bwenzi la msinkhu wanu *gosaeng manasseo* akukwanira.